Zolemba za Kukonzekera Kwanga Mayeso Olowera Maphunziro a Arquitectura

Febuluwale

Ndatsegula kope ili kuti ndizilembamo mmene ndikukonzekerera mayeso olowera kuyunivesite, chifukwa chaka chino ndi changa chomaliza kusekondale, ndipo ndikufuna kuti ikamadzakwana nthawi ya mayeso ndidzathe kuona pomwe ndinayambira ndi pomwe ndafika. Ndili m'kalasi ya 12 kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia, m'gulu la ophunzira sayansi amene amatenganso phunziro la Desenho e Geometria Descritiva, lojambula zinthu motsatira miyeso yake. Cholinga changa ndi maphunziro a Arquitectura e Planeamento Físico, omwe amaphunzitsa munthu kukonza mapulani a nyumba komanso kayalidwe ka midzi ndi mizinda. Maphunzirowa amatenga zaka zisanu ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, komwe nthambi yake inatsegulidwa mu 1986, ndipo amapezekanso ku Universidade Lúrio ku Nampula. Kuno kwathu kuli nthambi ya UniZambeze yophunzitsa za ulimi, choncho abale ambiri amandifunsa chifukwa chimene ndikufunira kupita kutali chonchi pamene sukulu yaukachenjede ili pakhomo. Ndilibe yankho lina koposa lakuti mtima wanga uli pa nyumba, osati pa mbewu.

Aphunzitsi a Desenho anandionetsa edital ya chaka chatha, chikalata chimene yunivesite imalengezeramo za mayeso, ndipo ndinawerengamo kuti ofuna maphunzirowa amalemba Masamu ndi Desenho. M'kalasi ya 11 ndinamaliza ndi 12 pa Desenho ndi 11 pa Masamu, pa malikisi 20. Kusukulu 10 imakwanira kuti munthu akhoze, koma pa mayeso olowera malo ndi ochepa ndipo amatengedwa ndi amene apambana anzawo, kotero malikisi angawa sangandifikitse kulikonse.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kuchilemba mosabisa. Kuyambira kupulayimale ndakhala ndikudziwika kuti ndine wojambula, ndipo anzanga ankandipempha kuti ndiwajambule nkhope, ng'ombe zokoka ngolo kapena osewera mpira. Ndinkaganiza kuti luso limeneli ndi limene lidzandilowetse. Nditawaonetsa aphunzitsi zojambula zangazo, anaziyamikira, kenako anatulutsa bokosi la machesi m'thumba n'kuliika patebulo, nati: "Jambula ili kuti kalipentala amene sanalionepo athe kukhoma lofanana nalo." Ndinalijambula mokongola, ndi mthunzi wake womwe, koma iwo anangofunsa kuti kalipentalayo adziwa bwanji kutalika kwa mbali yomwe ikuoneka yopendekeka. Ndinasowa chonena.

Malichi

Mwezi uno wonse ndabwerera pa chiyambi penipeni pa Geometria Descritiva, zimene tinaphunzira chaka chatha koma ndinangoziloweza osazimvetsa. Njira yake inakonzedwa ndi katswiri wa masamu wa ku France, Gaspard Monge, kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo mfundo yake ndi yakuti chinthu chimaonetsedwa kawiri, mmene chikuonekera ukachiyang'ana kuchokera pamwamba ndi mmene chikuonekera ukachiyang'ana kuchokera kutsogolo, kenako zithunzi ziwirizo zimaikidwa papepala limodzi, china pansi pa chinzake, zitalekanitsidwa ndi mzere umodzi wopingasa. Kutalika kwa kadontho kuchokera pansi kumatchedwa cota, ndipo mtunda wake kuchokera pa chipupa chakutsogolo umatchedwa afastamento. Chaka chatha ndinkasokoneza ziwirizi pafupifupi pa funso lililonse.

Chimene chandithandiza ndi katoni ya sopo imene ndinaipinda pakati kuti theka likhale pansi ndipo theka lina liime ngati khoma. Ndimabaya kawaya ka njinga pa katoniyo, ndimaunika ndi tochi kuchokera pamwamba n'kulemba pamene mthunzi wagwera, ndimaunikanso kuchokera kutsogolo, ndiyeno ndimatambasula katoniyo kuti igone. Tsiku limene ndinaona ndi maso anga kuti kawaya koimirira chilili kamasanduka kadontho kamodzi kokha pa chithunzi cha pamwamba, zinthu zambiri zimene ndinkaloweza zinalowa m'mutu nthawi imodzi.

Zida ndapeza zochepa: ma esquadro (marula a ngodya zitatu) awiri, la madigiri 45 ndi la 30 ndi 60, rula, pensulo yolimba ya 2H yolembera mizere yothandizira ndi ya HB yomalizira. Kampasi imene ndinagula pamsika ndi yokhwepa, imatseguka yokha ndikamazungulitsa, ndipo ndayesa kuimangitsa ndi pulayara. Thabwa lojambulirapo andipalira amalume kuchokera pa chitseko chakale. Vuto la nyengo ino ndi chinyezi, chifukwa mapepala a A3 amafewa n'kumapindika, choncho ndimawasunga m'jumbo pansi pa matiresi.

Epulo

Aphunzitsi anandipatsa ntchito ya padera, yoti ndiyeze nyumba yathu n'kujambula pulani yake pa sikelo ya 1:50, kutanthauza kuti masentimita awiri papepala aimire mita imodzi pansi. Ndinabwereka tepi ya amalume, ndipo mng'ono wanga ankagwira nsonga yake. Kunja, nyumbayo ndi yotalika mamita 7.20 ndipo m'lifupi ndi mamita 5.40, zomwe papepala zinakhala masentimita 14.4 ndi 10.8.

Nditayeza m'kati, ndinapeza kuti chipinda chochezera ndi chipinda chogona zikaphatikizidwa zikukwana mamita 6.60 okha. Ndinabwereza kuyeza katatu, ndikuganiza kuti mng'ono wanga sakugwira bwino, mpaka ndinamukalipira popanda chifukwa. Masentimita 60 osowawo anali m'makoma. Makoma awiri akunja ndi okhuthala masentimita 23 lililonse, ndipo lapakati ndi 14 pamodzi ndi pulasitala wake. Moyo wanga wonse ndakhala ndikujambula khoma ngati mzere umodzi wa pensulo, osaganiza kuti khoma limadya malo, kuti lili ndi njerwa zimene munthu anaumba ndi chikombole, n'kuziotcha, n'kuzinyamula. Ndinajambulanso pulani yonse, makoma ali ndi mizere iwiri, zitseko zikuonetsa mbali imene zimatsegukira. Aphunzitsi anabweza pepalalo ndi zolakwa zisanu ndi ziwiri zolembedwa mofiira, zambiri zokhudza kalembedwe ka miyeso, koma ananena kuti tsopano mmisiri angathe kuligwiritsa ntchito.

Juni

Kwazizira kwambiri, moti m'mawa zala zimakanika kugwira pensulo bwino, ndipo ndasamutsira nthawi yojambula masana ndikaweruka. Mayeso a Masamu a chigawo chino ndapeza 12.

Loweruka lililonse ndikupita ndi amalume kumene akumanga nyumba ya zipinda zitatu kunja kwa tawuni. Iwo ndi mmisiri wa zaka zambiri ndipo sukulu sanapite nayo patali. Tsiku loyala maziko ndinawaona akukhoma zikhomo, akukoka zingwe ziwiri zokumana pangodya, kenako akuyeza masentimita 60 pa chingwe china ndi 80 pa chinzake, n'kuika tepi mopingasa pakati pa zizindikiro ziwirizo. Tepiyo inasonyeza 103, ndipo anauza mnyamata wothandiza kuti asunthe chikhomo pang'ono pang'ono mpaka inafika pa 100 ndendende. Ndinati: "Malume, kodi mukudziwa kuti imeneyi ndi mfundo ya Pitágoras imene timaphunzira kusukulu?" Anandiyang'ana nati: "Mwanawe, dzinalo sindilidziwa, koma ngodya ikapanda kukwana 100, malata adzakutsutsa tsiku lofolera." Ndinawerengera pamchenga kuti 3,600 kuphatikiza 6,400 ndi 10,000, ndipo 100 kuchulukitsa ndi 100 ndi 10,000 yomweyo. Anagwedeza mutu n'kupitiriza ntchito.

Kuyambira tsiku limenelo ndasiya kuona Masamu ngati chopinga chimene ayunivesite anaika dala pakhomo la anthu odziwa kujambula. Trigonometria imene ndinkaida ndi imene imauza mmisiri kutalika kwa phaso pamene akudziwa kupingasa kwa nyumba ndi kupendekeka kwa denga. Ndinawawerengera amalume mapaso a nyumba imeneyi, ndipo yankho langa linasiyana ndi lawo ndi masentimita 40, chifukwa ndinaiwala mbali yotulukira kunja kwa khoma yomwe imateteza njerwa ku mvula.

Ndaonanso kanthu kena m'nyengo yozizirayi. Popeza tili kummwera kwa equador, mzere wogawa dziko lapansi pakati, mwezi uno dzuwa likudutsa chakumpoto, ndipo chipinda cha agogo, chomwe zenera lake layang'ana kumpoto, chimafunda masana onse, pamene changa, choyang'ana kummwera, chimakhala ngati m'mtsuko. Nyumba yathu inangomangidwa moyang'ana msewu, palibe amene anaganiza za dzuwa. Ndayamba kulemba muvi wosonyeza kumpoto pa pulani iliyonse.

Julayi

Ntchito imene yandisangalatsa koposa zonse chaka chino ndi ya nkhokwe ya agogo, ndipo ndiilemba mwatsatanetsatane. M'kalasi tafika pa zinthu zoumbika mozungulira, cilindro ndi cone, komanso mmene munthu angazitambasulire papepala kuti akadula n'kupinda zibwerere m'maonekedwe ake. Ndinkalephera kumvetsa za cone, mpaka madzulo ena ndikuthandiza kuthira chimanga m'nkhokwe ndinazindikira kuti ndaima patsogolo pa phunziro lenilenilo, thupi loluka ndi nsungwi lili cilindro, denga laudzu lili cone.

Sizikanatheka kupingasa tepi m'kati chifukwa munali chimanga, choncho ndinazunguliza chingwe kunja kwa thupi lake n'kuchiyeza, ndipo chinakwana mamita 5.65. Nditagawa ndi 3.14 ndinapeza kuti nkhokweyo ndi yopingasa mamita 1.80. Denga limatulukira masentimita 30 mbali zonse, kotero kuchokera pakati kufika m'mphepete mwa udzu ndi mamita 1.20, ndipo phaso limodzi kuchokera pansonga kutsika ndi pafupifupi mamita 1.50. Pamenepa ndinagwiritsanso ntchito mfundo ya amalume ija n'kupeza kuti nsonga yakwera masentimita 90, popanda kukwera pamwamba kukayeza.

Kuti ndipange chifaniziro chake pa sikelo ya 1:10, ndinajambula pakatoni mzere wozungulira, kampasi itatseguka masentimita 15. Funso linali lakuti ndidule chigawo chachikulu bwanji kuti katoniyo ikapindidwa ifanane ndi denga la agogo, lisasongoke kwambiri kapena kuphwatalala. Yankho ndi kugawa 12 (mamita 1.20 aja pa sikeloyi) ndi 15 (kutalika kwa phaso) n'kuchulukitsa ndi madigiri 360, zomwe zimapereka 288, kutanthauza kuti chochotsa ndi madigiri 72. Ndinadula, ndinalumikiza m'mphepete ndi ulimbo, ndipo denga laling'onolo linakhala bwinobwino pa thupi lake. Agogo analitembenuza m'manja nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti miyala yokhazikapo ili kuti, chifukwa nkhokwe yogunda pansi imadyedwa ndi chiswe ndipo chimanga chimaola ndi chinyezi. Anali olondola. Ndinayeza zimene maso anga anakonda n'kusiya chimene chimachititsa kuti nkhokwe igwire ntchito yake, ndiye ndinabwerera kukajambula miyala, mitanda yoyala pamwamba pake ndi mpata wa mpweya wodutsa pansi.

Ndikuona kuti anthu amene amanyoza zomanga za makolo athu sanaziyezepo. Nsungwi zolukidwa zimalola mphepo kudutsa kuti chimanga chiume, denga limanyamulika lonse pofuna kuthira kapena kutapa, ndipo chilichonse chomangira chimapezeka pafupi popanda kugula.

Ogasiti

Pa tchuthi ndinapita ku Tete kwa azakhali, ulendo wa makilomita oposa 200 kudzera ku Moatize, ndipo ndinatenga kope lojambulira. Ndinakhala m'mawa wonse m'mphepete mwa Zambezi ndikujambula mlatho wa Samora Machel, womwe unakonzedwa ndi injiniya wa ku Portugal, Edgar Cardoso, n'kutsegulidwa mu 1973. Ndi wotalika mamita oposa 700, ndipo msewu wake ndi wolendewera pa zingwe zachitsulo zokolekedwa pa nsanja zake. Kale ndikanangojambula kukongola kwake, koma ulendo uno ndinayesa kutsatira kulemera kwa galimoto imodzi, kuchokera pamsewu kupita ku zingwe zing'onozing'ono, kuchokera pamenepo kupita ku zingwe zikuluzikulu, mpaka kunsanja ndi pansi pa mtsinje. Tikuwoloka mtsinje wa Revúbuè ndinakumbukiranso mmene madzi a namondwe Ana anagwetsera mlatho wa pamenepo mu Januwale 2022, ndi mabanja a m'mphepete mwa mtsinjewo amene nyumba zawo zinakokoloka. Ndinamvetsa chifukwa chake dzina la maphunzirowa lili ndi mawu akuti Planeamento Físico, pakuti funso loti anthu amange pati limabwera funso loti amange motani lisanafike.

Nyumba ya azakhali ndi ya mabuloko a simenti, yofolera malata otsika, yopanda siling'i, ndipo chipinda chimene ndinkagona chili ndi zenera limodzi loyang'ana kumadzulo. Ngakhale Ogasiti si mwezi wotentha kwenikweni ku Tete, khoma limenelo linali likadali lofunda pakati pa usiku, ndipo azakhali ananena kuti mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukamapitirira madigiri 40, banja lonse limagona panja. Nyumba yofanana ndi imeneyi kwathu ku Angónia vuto lake likanakhala kuzizira. M'chigawo chimodzi chomwechi, pulani imodzi singathandize malo onse awiri. Ndinajambula nyumbayo kawiri, mmene ilili ndi mmene ndikanaisinthira, ndi khonde lalitali kumadzulo, mazenera oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndi mpata pansi pa denga wotulutsira mpweya wotentha.

Mwana wa azakhali anandibwereka foni ndipo ndinawerenga za José Forjaz, amene anatsogolera nthambi ya maphunzirowa ku Maputo zaka zambiri. Iye ndi amene anakonza chikumbutso cha ku Mbuzini, ku South Africa, pamalo pamene ndege ya Samora Machel inagwera pa 19 Okutobala 1986. Anaimika mapaipi achitsulo 35, limodzi la munthu aliyense amene anamwalira, ndipo mphepo ikamadutsa mapaipiwo amalira. Sindinkadziwa kuti womanga angathe kuwerengera mphepo ngati chimodzi mwa zomangira zake.

Okutobala

Miyezi iwiri yapitayi sinayende monga ndinkafunira. Tinakhala masabata atatu opanda mphunzitsi wa Masamu, ndipo magetsi akhala akuzima madzulo, nthawi yokhayo imene ndimapeza mpata wowerenga. Ndinafooka kwa masiku angapo, mpaka ine ndi anzanga atatu tinagwirizana zokumana m'kalasi nthawi ya 5 koloko m'mawa, aliyense n'kumafotokozera anzake mutu umene akuudziwa bwino.

Tapeza mapepala a mayeso olowera a zaka zapitazo ndipo timawalemba titaika wotchi patebulo. Mafunso a Masamu ndi osankha yankho, ndipo poyamba ndinkaganiza kuti zimenezi n'zosavuta, koma mayankho olakwika amakonzedwa motsatira zolakwa zimene ophunzira amachita kawirikawiri, moti munthu ukaiwala chizindikiro chochotsera umapezadi yankho lako lolakwikalo likukudikira pamndandanda. Pepala loyamba ndinapeza zofanana ndi 8 pa 20, ndipo lachisanu ndapeza 13. Trigonometria ndi funções ndazigwira. Zimene zikundivutabe ndi logaritmos ndi limites, ndipo pa derivadas ndimadziwa malamulo koma ndimachedwa.

Pa Desenho ndafika pa 16. Cholakwa changa chachikulu tsopano ndi changu, chifukwa ndikaona yankho m'mutu ndimathamangira kulemba mizere yomaliza ndisanamalize yothandizira, ndipo pa mafunso oonetsa mmene chinthu choumbika chimaonekera chikadulidwa, kadontho kamodzi kakasuntha ndi milimita imodzi chithunzi chonse chimapotoka. Aphunzitsi andiuza kuti ndizisongola pensulo ndisanayambe funso lililonse, kuti dzanja lizolowere kudekha.

Novembala

Edital ya chaka chino yatuluka ndipo ndaiwerenga kawiri pamodzi ndi aphunzitsi. Chiphaso changa cha Bilhete de Identidade chikadali ndi nthawi, nambala ya msonkho ya NUIT ndinatenga kale mu Sepitembala, ndipo kulembetsa pa intaneti tinachita pa kompyuta ya pamalo ojambulitsira mapepala m'tawuni muno. Lisiti yolipirira ndaisunga m'jumbo lomwe lija la mapepala a A3. Ndasankha kukalembera mayeso ku Tete, ndipo azakhali avomera kundisunga masiku amenewo.

Lamlungu lapitali tinakhala pansi ndi bambo, mayi ndi amalume kukambirana za ndalama. Maputo ili pa mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete, ndipo zaka zisanu zikufuna malo ogona, chakudya, mapepala, makatoni a zifaniziro ndiponso kompyuta m'tsogolomu. Bambo ananena mosabisa kuti mbatata ya kachewere ya kudimba ingakwanitse ulendo ndi miyezi yoyambirira yokha, ndipo anandifunsa ngati sindingaganizirenso za ulimi pano pafupi. Ndinawaonetsa pulani ya nyumba yathu, chifaniziro cha nkhokwe ndi zojambula ziwiri za nyumba ya azakhali. Amalume anatenga pulani ya nyumbayo, anaiyang'anitsitsa, n'kuuza bambo kuti: "Alamu, pepala ili ndingamangire nyumba osafunsa funso." Bambo sanayankhe nthawi yomweyo, koma m'mawa mwake anandiuza kuti ndifufuze za thandizo la Instituto de Bolsas de Estudo, bungwe la boma lothandiza ophunzira ndi ndalama za maphunziro, ndi zikalata zimene amafuna, kuti tiyambe kuzisonkhanitsa zotsatira zisanatuluke.

Panopa patsogolo panga pali mayeso a boma a kalasi ya 12, chifukwa popanda setifiketi yake ngakhale nditapambana mayeso olowera sindingalembedwe. Masabata awiri akubwerawa ndawapereka ku Física, Química ndi Chipwitikizi, zomwe ndazinyalanyaza chaka chino. Ndikangomaliza ndibwerera ku logaritmos ndi limites m'mawa uliwonse, ndipo masana ndizilemba pepala limodzi la Desenho ndi wotchi patebulo. Kampasi ija yakhwepanso, ndipo amalume alonjeza kundigulira yatsopano akalandira malipiro ofolera nyumba ija, yomwe malata ake anakhala bwino m'ngodya zonse zinayi.